Anandidula matumbo chifukwa cha Crohn's koma m'mimba simukusiya kutsegula: yankho kwa achemwali a ku Luchenza

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Luchenza, mphunzitsi wa pulayimale, dzina sinditchula monga mwa masiku onse. Ndaifupikitsa pang'ono. Akuti: "Chaka chatha anandipanga opaleshoni, anadula mbali ina ya matumbo chifukwa cha matenda a Crohn's. Kupotokola kuja kunatha ndithu koma chitulukireni m'chipatala ndikungotsegula m'mimba, zamadzimadzi zachikasu, makamaka ndikangodya, ndipo zikabwera sizidikira munthu. Flagyl ndamwa, Thanzi ndamwa, zitsamba ndamwa. Anayeza chimbudzi sanapeze kanthu. Minibasi ya ku Limbe ndikuchita kuopa kukwera. Kodi matenda aja abwereranso, kapena ndizingokhala chonchi mpaka kale?"

Pepani achemwali, vuto limeneli limamusowetsa munthu mtendere ndipo n'lovuta kulifotokoza kwa anthu, amangoti mwina mwadya zosagwirizana nazo. Ine sindinakuoneni maso ndi maso ndiye zomwe ndilembe apazi muzitenge ngati mafunso oti mukawapanikize nawo adokotala anu. Koma mmene mwafotokozeramu, chomwe ndikuchikayikira kwambiri ndi ndulu, osati tizilombo, ndipo ngati zili choncho Flagyl wogula paokala uja mutha kumwa katoni yonse osaona kusintha.

Nkhani yake ili apa. Crohn's ndi matenda otupitsa njira ya chakudya, amatha kugwira paliponse kuyambira mkamwa mpaka kotulukira, koma malo omwe amawakonda kwambiri ndi kumapeto kwa matumbo aang'ono, pomwe amalumikizana ndi thumbo lalikulu, cha kumanja m'munsi mwa mchombo. Madokotala amati terminal ileum. Ngakhale Burrill Crohn ndi anzake awiri, Ginzburg ndi Oppenheimer, polemba za matendawa ku New York mu 1932 ankanena za malo omwewa. Nde anthu ambiri a Crohn's akapangidwa opaleshoni, chidutswa chomwe chimachoka ndi chimenechi. Tsono kachidutswa kameneka kali ndi ntchito yomwe matumbo ena onse sangaigwire bwino. Chiwindi chimapanga ndulu, ndulu imatsikira m'matumbo kukasungunula mafuta a mu chakudya ngati mmene sopo amachitira pa mbale yodyera nyama, ikamaliza ntchito thupi siliitaya ayi, pafupifupi 95 peresenti ya ma asidi a mu ndulu imayamwidwanso pa terminal ileum pomwepo n'kubwerera kuchiwindi kuti ikagwirenso ntchito. Mukachotsa malo amenewo ndulu ija imangodutsa kukalowa m'thumbo lalikulu, komwe sikwawo, n'kumakalikanda, thumbolo limayamba kutulutsa madzi m'malo moyamwa komanso limathamanga. Zotsatira zake ndi zomwe mwalembazo: zamadzi, zachikasu kapena zobiriwirako, zowotcha potuluka, zobwera mwadzidzidzi munthu akangodya makamaka zamafuta. Ku labu sangapeze kanthu chifukwa iwo amafufuza njoka za m'mimba, amiba ndi zina zotero.

Ndiye funso loyamba lokafunsa, ndipo musachoke pampando asanakuyankheni: anadula pati, ndipo masentimita angati? Zimalembedwa mu lipoti la opaleshoni, pemphani akulembereninso m'buku lanu la kuchipatala lija. Nambala imeneyi ndi yofunika zedi. Ngati anadula osakwana masentimita 100, chiwindi chimakwanitsa kupanga ndulu ina yolowa m'malo mwa yotayikayo, vuto limangokhala kukanda kuja basi, ndipo pali mankhwala ake otchedwa cholestyramine. Ndi ufa wa m'timapaketi ta magalamu 4, mumasungunula m'madzi, ukafika m'matumbo umagwira ndulu ija kuti isakande. Kwa omwe vuto lawo ndi limeneli kusintha kumaoneka m'masiku ochepa chabe, ndipo poti makina oyezera vutoli sapezeka wamba, madokotala ambiri amangomuyesa munthu mankhwalawo, akasintha ndiye kuti yankho lapezeka. Kukoma ayi sakoma, amakhakhala pakhosi, ena amawasungunula usiku n'kuwasiya pozizira kuti amwe m'mawa. Chenjezo lake ndi loti amagwiranso mankhwala ena, ndiye ngati mumamwa ma ARV, a BP, mapilitsi olera kaya a Crohn's omwewo, muzimwa amenewo ola limodzi musanamwe ufawo kapena padutse maola 4 mpaka 6 mutamwa, ndipo adokotala adziwe zonse zomwe mumamwa. Pa helefu senta ya kumudzi musayembekezere kuwapeza, tengani chikalata cha adokotala mukafunse m'mafamase akuluakulu a ku Blantyre ndi ku Limbe, akati alibe afunseni ngati angakuitanitsireni. Palinso mapilitsi a ntchito yomweyo otchedwa colesevelam.

Koma ngati anadula kupitirira masentimita 100 nkhani imatembenuka. Apo ndulu imatayika yambiri mpaka thupi kuperewera, mafuta osagayika, n'kumatuluka momwemo m'chimbudzi. Munthu wotere cholestyramine atha kumuwonjezera vuto chifukwa akumulandanso ndulu yochepa yomwe watsala nayo. Mungadziwe bwanji? Chimbudzi cha mafuta chimakhala chotuwa, chonunkha kwambiri, chonyezimira, chimayandama ndipo pa toileti yamadzi chimakana kupita olo mutagujumula kawiri. Vuto lathu kuno ambiri timagwiritsa ntchito chokumba, zagwa zapita, adokotala akafunsa mtundu wake timangoti kaya. Ndiye tsiku lina m'mawa chitirani mu pote wa mwana kapena kachidebe kakale, tulukani nako powala muone bwinobwino mtundu, ngati muli timadontho ta mafuta, zonanda kapena magazi, kenako mutaye n'kusamba m'manja ndi sopo. N'zonyansa inde koma zimene muoneko zimuthandiza dokotala kuposa kungoti "ndikutsegula."

Mbali zonse ziwirizi mdani wamkulu ndi mafuta. Mukadya zamafuta ndulu imatsika yambiri nthawi imodzi. Tchipisi cha pachiwaya pa Chitakale, mandasi a pa buleki kusukulu, zitumbuwa, kanyenya, nkhumba yokazinga, ndiwo zoti mafuta akuchita kuyandama pamwamba pa tomato, ngakhale zotendera za nsinjiro zambiri ndi mapeyala athu akuluakulu aja, zonsezi ndi mafuta. Sindikuti musiyiretu, thupi limafunanso mafuta, koma chepetsani kwambiri ndipo muwagawe, kasupuni apa kasupuni apo m'malo mothira onse pa chakudya chamasana. Idyani pang'onopang'ono kangapo pa tsiku kusiyana ndi mitanda itatu ya nsima nthawi imodzi. Zomwe ambiri zimawagwira m'mimba ndi nsima ya ufa woyera, mpunga, nthochi, mbatata ndi chinangwa chophika, mazira owiritsa, nsomba yowotcha kapena yofutsa yopanda mafuta. Mgaiwa, nandolo, nyemba, kalongonda, kabichi ndi chinanazi ena zimawathamangitsa ena ayi, apa palibe lamulo la aliyense. Tengani kope, ndinu aphunzitsi makope sakusowani, muzilemba zomwe mwadya ndi kangati mwapita kuseri, ndipo muzichotsa chinthu chimodzi pa nthawi kwa sabata. Mkaka nawo muuyese choncho. Chomwe sindigwirizana nacho ndi zija zomuuza munthu kuti asiye izi asiye izo mpaka kutsala ndi phala lokha, munthu wa Crohn's amakhala ataonda kale, njala imupweteka kuposa kutsegulako.

Za tiyi ndinenepo pang'ono poti kwathu kuno tiyi timamuona pakhomo, ukatsegula windo ndi minda yokhayokha mpaka m'tsinde mwa phiri. Tiyi wamphamvu ndi khofi amafulumizitsa matumbo. Komanso tiyi wakuda ali ndi mchere wina wa m'zomera wotchedwa oxalate, ndipo munthu amene mafuta sakugayika bwino amayamwa oxalate wambiri m'thumbo lalikulu, uyo amakathera ku impso n'kupanga miyala. Bonongwe, sipinachi ndi mtedza nazonso zili naye wambiri. Ndiye ngati chimbudzi chanu ndi cha mafuta chija, tiyi akhale wopepuka, makapu ochepa, ndipo usipa kapena matemba odya ndi minga yomwe ndi abwino chifukwa kashiamu wake amagwira oxalate asanalowe m'magazi. Kupweteka koopsa m'mbali mwa msana kotsikira kuchinena, kapena mkodzo wa magazi, thamangani kuchipatala.

Thanzi mwamwa mwachita bwino, kungoti ntchito yake si kuletsa kutsegula, ndi kubwezeretsa madzi ndi mchere. Pitirizani masiku omwe zavuta, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, muzimwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Paketi ikasowa, timasupuni ta tiyi 6 tosasefukira ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi. Sobo wokhathamira, Fanta ndi majuwisi otsekemera kwambiri amakoka madzi kulowa m'matumbo, ludzu limatha pakamwa pokha koma kuseri mupita kowirikiza. Chizindikiro chosavuta ndi mkodzo, ukakhala wochepa ndi wofiirira madzi akuperewera. Ndipo madzi akumwa muwasamale kuposa anzanu, kuno tinaona mmene kolera inavutira mu 2022 ndi 2023, Freddy n'kudzagumulanso zimbudzi ndi mipope mu Malichi 2023. Inu matumbo ndi ofupika kale, matenda otsegula omwe mnzanu angapirire masiku awiri inu akhoza kukugonetsani pa diripi.

Nkhani ya minibasi ija. Loperamide, ena amamudziwa kuti Imodium, amachedwetsa matumbo ndipo anthu ambiri odulidwa matumbo amamugwiritsa ntchito nthawi yaitali adokotala akudziwa. Chinsinsi chake ndi nthawi, amagwira bwino mukamwa mphindi 30 musanadye, osati mutayamba kale kuthamanga. Mlingo wake akuuzeni adokotala, musamawonjezere nokha chifukwa wambiri amasokoneza mtima, ndipo musamwe ngati muli magazi m'chimbudzi, thupi latentha kapena mimba yafufuma. Tsiku la ulendo idyani kopepuka kopanda mafuta m'mawa kwambiri, mupite kuseri musanafike pa siteji, khalani pafupi ndi chitseko olo kondakitala anyinyirike, m'chikwama mukhale chitenje chapadera, tishu, kabotolo ka madzi ndi kapepala ka pulasitiki. Kusukulu auzeni ahedi mwachinsinsi kuti akupatseni kalasi yoyandikira toileti, si chinthu chochititsa manyazi kupempha. Kotulukirako kukamawotcha sambani ndi madzi m'malo mopukuta ndi pepala, umitsani modinda n'kupaka Vaseline kapena kirimu wa zinc oxide wopaka ana matewera uja.

Tsono funso lanu loti kodi matenda abwerera. N'zotheka, ndisakunamizeni, opaleshoni sichiza Crohn's, imangochotsa pomwe paonongeka, ndipo akamabwerera amakonda kuyambira pa msoko pomwe analumikiza. N'chifukwa chake pakatha miyezi 6 mpaka 12 amayenera kukuunikani ndi kamera m'matumbo, colonoscopy, olo mukumva bwino. Ngati sizinachitike pemphani kalata ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje yokutumizani ku Queens. Zomwe zimaloza ku kubwerera kwa matenda ndi kupotokola kuja kuyambiranso, magazi, kutentha thupi, kuonda osasiya, kutsegula kokudzutsani pakati pa usiku, zithupsa kapena mafinya kotulukira. Kusanza limodzi ndi kufufuma mimba mpweya osatuluka ndi zothamangira nazo kuchipatala usiku womwewo, osadikira kuche. Ndipo poti kuno TB ndi yambiri, funsani ngati chidutswa chomwe anadula chinapita ku labu ndipo zotsatira zinati chani, chifukwa TB ya m'matumbo imagwira malo omwewo ndipo imafanana kwambiri ndi Crohn's, pomwe mankhwala ake ndi osiyana kutalitali. Fodya ngati mumasuta kapena kufwenkha siyani, kusuta kumachulukitsa kwambiri mpata woti abwerere. Brufen, diclofenac ndi indocid apeweni, mutu ukawawa panado akukwanirani.

Pali chinanso chomwe chimachitika akachotsa kachitseko kolekanitsa matumbo aang'ono ndi thumbo lalikulu, mabakiteriya a kumunsi amakwera n'kuchulukana komwe sakuyenera, munthu amadzadza mpweya, m'mimba kulira, kutsegula. Apa ndiye ma antibayotiki amathandizadi, koma osankha adokotala komanso kwa masiku owerengeka. Flagyl womwa mwezi ndi mwezi amaononga mitsempha, mapazi amayamba dzanzi.

Dzanzi lomwelo limabweranso ndi kuchepa kwa vitamini B12, yemwe naye amayamwidwa pa terminal ileum pomwe anadulapo. Chiwindi chimasunga wokwanira zaka zingapo ndiye vuto limadzaoneka mochedwa, kufooka, kuiwalaiwala, lilime kuwawa, magazi kuchepa, anthu n'kumakupatsani mapilitsi a ayironi osasintha. Ambiri odulidwa malo amenewa amafunika jakisoni wa B12 miyezi itatu iliyonse moyo wonse. Mukapita kukafunsa za masentimita zija, pemphaninso akuyezeni magazi, ndipo kope la zakudya lija mulitenge adokotala akalione.