Funsani Tikuyankheni: Misewu, Mapuloti ndi Zinyalala mu Mzinda wa Lilongwe

Mafunso a mwezi uno achokera ku Lilongwe, mzinda womwe unali ndi anthu 674,448 pa kalembera wa 2008 koma nkufika pa 989,318 pa kalembera wa 2018. Anthu akuchuluka msanga kuposa misewu, mipope ndi ndalama za khonsolo, ndipo madandaulo ambiri omwe talandira akuchokera pamenepo.

FUNSO: Msewu wathu wadothi amaupala ndi giredala pafupifupi chaka chilichonse, koma mvula ikangogwa kawiri wasanduka chigwembe. Vuto ndi chiyani, ndipo tikadandaule kwa yani? (Bambo wa ku Area 25)

YANKHO: Bambo, chimene chikuononga msewu wanuwo ndi madzi osowa kolowera. Giredala ikangosalaza pamwamba osakonza ngalande, ndalamazo zapita pachabe.

Msewu wadothi wokonzedwa bwino umakhala wotumphuka pakati, wotsetserekera mbali zonse ziwiri. Pa mita iliyonse kuchoka pakati kupita m'mbali uzitsika ndi masentimita 4 mpaka 6, kuti madzi athawire m'ngalande asanayambe kuyenda motsata msewu. Ngalande za m'mbalizo nazo zisamasenze madzi mtunda wautali. Pafunika tingalande topatuka totulutsa madzi, ndipo pamene pali potsetsereka kwambiri aziikamo timakhoma ta miyala tochepetsa liwiro. Pomwe madzi akudutsa pansi pa msewu pamafunika kalavati yosachepera masentimita 60 kukamwa kwake. Yocheperapo imatsekeka ndi mchenga ndi majumbo, ndipo munthu sangathe kuitokosa bwino. Kalavati yopanda khoma kukamwa ndi kotulukira imakokoloka m'mbali mpaka kugwa. Pamwamba pathiridwe gelevulo wokhuthala masentimita 15, wonyowetsedwa ndi kutsenderedwa ndi makina.

Nthawi nayo ndi nkhani. Kupala kumayenda bwino mu Epulo kapena Meyi dothi likadali ndi chinyezi. Akapala mu Okutobala popanda kuthira madzi, fumbi lokhalokha ndi lomwe limatsala, ndipo mvula yoyamba imalisesa lonse.

Pali mbali inanso imene ndi ya eni nyumba. Ambiri pomanga polowera galimoto amakwirira ngalande ndi dothi kapena kuikapo kapaipi kakang'ono. Nyumba imodzi ikatero, madzi amadumphira mumsewu ndipo onse a kumunsi amavutika.

Za kodandaula: misewu ikuluikulu monga M1 ili m'manja mwa Roads Authority, pomwe ya m'makwalala mwa malokeshoni ndi ya khonsolo ya mzinda. Lembani kalata kudzera kukomiti ya chitukuko ya wodi yanu, ipite kwa khansala, ina ku nthambi ya zomangamanga kukhonsolo. Musangolemba kuti msewu waonongeka. Tchulani poyambira ndi pothera, kutalika kwake, malo omwe madzi amadula, ndiponso sukulu, chipatala kapena msika zomwe zimadalira msewuwo. Sungani kope lodindidwa. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, choncho kalata yofika mu Novembala kapena Disembala ili ndi mwayi wolowa mu bajeti kusiyana ndi yofika mu Meyi.

FUNSO: Ndapeza puloti yotsika mtengo pafupi ndi mtsinje. Wogulitsa akuti amfumu asainira ndipo palibe vuto. Ndigule? (Mayi wa ku Kawale)

YANKHO: Mayi, musapereke ndalama panopa. Kalata ya amfumu kapena ya mkulu wa buloko imangochitira umboni kuti munapatsana ndalama. Siikupatsani umwini wa malo a mumzinda. Malamulo salola mafumu kulamulira m'mizinda popanda chilolezo cha khonsolo, ndipo malo ambiri mu Lilongwe ali ndi eni ake: Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation, khonsolo yomwe, kapena anthu ndi makampani omwe ali ndi lizi.

Yambani ndi kufunsa nambala ya puloti. Ngati wogulitsa alibe, chenjerani. Ngati ilipo, pitani nayo ku ofesi ya kaundula wa malo mukafufuze dzina la mwini wake, zaka zotsala pa lizi, ndiponso ngati malowo anaperekedwa ngati chikole kubanki. Dzina la m'kaundula lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsayo. Mwini akakhala kuti anamwalira, wogulitsa akuonetseni zikalata za khoti zomuloleza kuyendetsa chuma cha masiye, chifukwa mikangano yambiri imabuka mwana mmodzi akagulitsa abale ake osadziwa. Kenako pitani ku nthambi yoona mapulani kukhonsolo mukafunse ngati malowo anaikidwa kuti akhale a nyumba. Ena amagula pomwe padzadutse msewu, pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM, kapena pamalo osungidwira sukulu, ndipo tsiku logumula salandira chipukutamisozi. Pomaliza itanani wopima malo wovomerezeka adzakuonetseni zikhomo za malire. Dobadoba woloza ndi chala kuti malire ndi mtengo uwo musamukhulupirire.

Nkhawa yathu yaikulu ndi mtsinjewo. Mu 2017 madzi a Lingadzi anasefukira ku Mtandire, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anthu a ku Kaliyeka, Chipasula, Mchesi ndi Kawale komweko anaona zomwezo. Pamene malata ndi simenti zikuchuluka kumtunda, madzi omwe kale ankalowa m'nthaka amathamangira kumtsinje nthawi imodzi. Ndiye malo omwe sankasefukira zaka khumi zapitazo akhoza kusefukira lero. Yang'anani zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo ndi mizere ya matope pa makoma a nyumba zoyandikana, zidzakuuzani pomwe madzi amafika. Puloti yotereyi imatsika mtengo pa chifukwa.

FUNSO: Khonsolo ikufuna ndilipire ma city rates, koma galimoto ya zinyalala sinafikepo kwathu. Ndilipirirenji? (Wowerenga wa ku Area 49)

YANKHO: Dandaulo lanu ndi lomveka, koma kusalipira sikungakuthandizeni. Msonkho umenewu umachokera m'lamulo la maboma ang'ono la 1998, ndipo umawerengedwa potengera mtengo wa malo ndi nyumba yanu monga zalembedwera m'kaundula wa mitengo ya nyumba, yemwe amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Mukapanda kulipira ngongole imakula ndi chiwongoladzanja, ndipo khonsolo ikhoza kukutengerani kukhoti. Ngati mukuona kuti nyumba yanu anaiika pamtengo wokwera, njira yake ndi kulemba kalata yotsutsa pa nthawi yomwe kaundula watsopano waikidwa poyera. Ambiri amaphonya nthawi imeneyi nkudzadandaula bilu itafika kale.

Gwero la vutoli ndi loti nyumba zambiri zatsopano, makamaka m'madera omangidwa popanda pulani, sizili m'kaundulayu. Ochepa ndiwo akusenza mzinda wonse. Kuona kwathu, khonsolo ikadayamba ndi kulemba nyumba zonse, kukonza magalimoto a zinyalala ndi kutsegula ngalande isanaganize zokongoletsa maraundabauti. Ndalama zolipira ulendo wa galimoto kukataya ku Area 38 ndi zambiri, mafuta, matayala ndi antchito, ndipo galimoto imodzi ikafa madera angapo amakhala osatoleredwa kwa masabata.

Muli ndi ufulu wofunsa komwe ndalama zikupita. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo yopempha bajeti ya chaka chino, ndalama zomwe zatoleredwa m'dera lanu ndi ndandanda wa masiku otolera zinyalala. Akakhala chete, bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, lomwe limayang'anira lamuloli, limalandira madandaulo otere. Musaiwalenso khansala. Dziko lino linakhala lopanda makhansala kuchokera 2005 mpaka 2014, ndipo mwina nchifukwa chake ambiri akadathamangirabe kwa phungu pa nkhani za zinyalala ndi misika, zomwe ndi za khansala.

Podikira galimoto, chepetsani katundu. Zambiri zomwe timataya ndi zowola: makoko, masamba, zotsala za ndiwo. Kumbani dzenje la mita imodzi mbali zonse, muziika zouma ndi zaziwisi mosinthanasinthana, kuwaza dothi pang'ono ndi madzi, nkumatembenuza pakatha masabata awiri kapena atatu. Pa miyezi itatu muli ndi manyowa. Likayamba kununkha ndiye kuti lanyowa kwambiri, onjezani udzu wouma. Mapulasitiki musawotche pakhomo, utsi wake ndi woopsa m'chifuwa, ndipo musatayire m'ngalande.

FUNSO: Madzi a pampope amasowa masiku angapo, ndiye tinakumba chitsime pakhomo. Madzi ake ndi oyera bwino. Tingamwe? (Mayi wa ku Chinsapo)

YANKHO: Kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti mulibe tizilombo. Chitsime chimayenera kutalikirana ndi chimbudzi chokumba mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumtunda kwake. Pa mapuloti a ku Chinsapo mtunda umenewu ndi wovuta kuupeza, chifukwa ngakhale chimbudzi chanu chitalikire, cha oyandikana nawo chili kuseri kwa mpanda. M'dzinja madzi a pansi amakwera nkusakanikirana ndi za m'zimbudzi, ndipo iyi ndi imodzi mwa njira zomwe kolera amafalira, monga tinaonera pa mliri wa 2022 ndi 2023 pomwe sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa.

Madzi a pachitsime muzichapira ndi kukolopera. Akumwa, otsukira mbale ndi otsukira m'kamwa tungani pa kiyosiki ya Lilongwe Water Board madzi akabwera, musunge m'chigubu chotseka cha kukamwa kung'ono kuti anthu asamaviikemo makapu. Mukakakamizika kumwa a pachitsime, sefani ndi kansalu koyera, wiritsani mpaka abwate kwa mphindi imodzi, kapena thirani klorini motsata muyeso womwe alangizi a zaumoyo akupatsani, nkudikira mphindi 30 musanamwe. Chitsimecho chimangireni khoma lofika m'chiuno, chikhale ndi chivundikiro, simenti yozungulira yotsetserekera kunja, ndi ndowa imodzi yokha yotungira yomwe siikhala pansi.