Lotale ndi ya boma, nanga kampani ikufunamo chiyani?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ngati lotale ndi ya boma, bwanji imayendetsedwa ndi kampani yofuna phindu? Nanga boma limaigwira pati kampaniyo kuti isatidyere masuku pamutu?"

Zikomo mayi. Maboma ambiri safuna chintchito chosindikiza matikiti ndi kusamala makina, ndiye amapereka laisensi kwa kampani imodzi kwa zaka zowerengeka. Popeza kampaniyo ilibe wopikisana nayo, chingwe chimene boma limaimangira ndi mawu a m'laisensimo basi. Mmenemo amalembamo gawo la ndalama lopita ku mphoto, lopita ku ntchito zothandiza anthu ndi lotsalira kampani, komanso msinkhu wa wogula tikiti ndi mmene angaitanire malonda.

Koma ine ndikapatsidwa laisensi yotere, ndimathamangira pamene alemba kawerengedwe ka phindu la kampani, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Taonani za ku Britain. Kampani ya Camelot inayendetsa lotale ya dzikolo kuyambira 1994 mpaka Januwale 2024. Mu 2017, ofesi yofufuza ndalama za boma ya National Audit Office inapeza kuti m'zaka zisanu ndi ziwiri phindu la Camelot linakwera ndi 122 peresenti, pomwe ndalama zothandizira anthu zinangokwera ndi 2 peresenti. Palibe lamulo limene anaphwanya ayi. Anthu anangoyamba kukonda makadi okala ndi masewera opambana pompopompo, amene pa paundi iliyonse ankapereka zochepa kwambiri ku ntchito zothandiza anthu poyerekeza ndi Lotto, masewera aakulu a lotaleyo osankha manambala. Kampani inkalemera, laisensi ili duu. N'chifukwa chake bungwe loyang'anira njuga la Gambling Commission, popereka laisensi ya zaka 10 kwa kampani ina ya Allwyn kuyambira Febuluwale 2024, linamangiriza phindu la kampani ku ndalama zimene zafika ku ntchitozo.

China chimene anthu sachilabadira ndi mphoto zosatengedwa. Ku Britain mukapanda kukatenga pasanathe masiku 180, ndalamayo imapita kothandiza anthu. Ku Ireland, kumene Premier Lotteries Ireland inalipira mayuro 405 miliyoni mu 2014 kuti igwire laisensi ya zaka 20, mphoto zoiwalika zimaloledwa kugwira ntchito yotsatsa lotale yomweyo. Kunena zoona, ine zimenezi sizindikomera: tsoka la munthu wotaya tikiti likusanduka nyambo yokolera ena.

Chilango chiliponso. Mu 2016 Camelot inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 3 miliyoni chifukwa mu 2009 inapereka mphoto ya mapaundi 2.5 miliyoni pa tikiti yachinyengo. Kulanda laisensi kumene n'kotheka papepala, koma boma limachita nako mantha, poti lotale ikaima ndiye kuti masukulu, magulu a zamasewera ndi mabungwe achifundo amene amadalira ndalamazo auma. Ku South Africa anazionera okha mu 2007: khoti litathetsa chisankho chopereka laisensi kwa kampani ya Gidani, matikiti sanagulitsidwe kuyambira Epulo mpaka Okutobala.

Ndiye mayi, ngati mukufuna kudziwa za lotale imene mumagulako tikiti, pemphani lipoti lapachaka la bungwe loyang'anira, muyerekeze mizere iwiri kwa zaka zisanu zapitazi: phindu la kampani ndi ndalama zimene zinafikadi kwa anthu.