Nayitireti wa mu mpweya wa pa Kasungu sachokera mu utsi wokha

Achimwene, mwafunsa ngati tinthu ta nayitireti timatuluka mu utsi wa malole a pa M1. Sitituluka tili topangidwa kale ayi. Injini ya dizilo ikatentha kwambiri imatulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide (NO), womwe umasanduka mpweya wina wotchedwa nitrogen dioxide (NO2). Masana dzuwa likamawala, NO2 amasanduka asidi wotchedwa nitric acid. Asidiyu akakumana ndi mpweya wa amoniya wochokera ku ndowe za m'makola ndi feteleza wa urea wosakwirira, mpamene pamapangika ammonium nitrate, tinthu ta nayitireti tosaposa ma micrometre 2.5 (micrometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), tolowa mpaka mkati mwa mapapo.

Tinthuti timachuluka kukazizira komanso kukakhala chinyezi. Kukatentha timabwerera kukhala mpweya. N'chifukwa chake, pa nkhani ya nayitireti, m'mawa wa mu June ngwodetsa nkhawa kuposa masana a mu October. Ngati mukuyeza kuchuluka kwa tinthuti, fyuluta (sefa yokolera tinthuti kuchokera mu mpweya) muziisunga m'fuliji, chifukwa ikatenthedwa nayitireti amathawa, chiwerengero n'kutsika.