Mwana akufuna timu ya sprint car, bambo akuti unesi basi

Kalata ya sabata ino yachokera ku South Bend, Indiana, komwe Amalawi anzathu alipo ambiri ndithu. Ndaifupikitsa koma mfundo zake ndi izi:

"Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 18, akumaliza high school. Chiyambireni kupita ndi anzake ku Kokomo kukaonera mipikisano ya sprint car, mutu wake suli pano. Akuti koleji ayi, tigule galimoto yakale ndi injini ayambe timu yakeyake. Bambo ake akuti apange unesi, apo ayi atuluke m'nyumba. Ine ndili ndi madola 20,000 amene ndakhala ndikusunga kuti ndimalizitse nyumba ku Lilongwe. Ndimupatse? Tulo sindikuliona."

Mayi, musamupatse. Ndayamba ndi chimenecho kuti olo musawerenge zotsatirazi yankho mulitenge. Makalata ngati anuwa ndimalandira pafupipafupi, lero ndi galimoto za mpikisano, mawa ndi mpira kapena studio ya nyimbo, mwana akoka uku bambo akoka uko, mayi ali pakati ndi kandalama kawo ka thukuta. Koma nkhani yanuyi ili ndi khomo labwino lomwe nonse atatu simukuliona, ndiye tiyeni tiyambe ndi masamu.

Galimoto imene mwana wanu wakopeka nayo ndi kachitsulo kopepuka komangidwa mozungulira injini. Ku mipikisano ya World of Outlaws, komwe kumathamanga akatswiri a sprint car, galimoto pamodzi ndi dilaiva imangolemera mapaundi 1,425 koma injini yake ndi V8 ya ma cubic inch 410, yotulutsa ma horsepower pafupifupi 900. Ilibe sitata, ilibe magiya osintha, kuti ilire amachita kuikankha ndi galimoto ina. Injini yokhayo, yatsopano, imadutsa madola 60,000. Ndalama yanu yonse ija ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a injini imodzi, matayala sitinawatchule.

Ndipo kugula si kumene kumagwetsa anthu, chimene chimagwetsa anthu ndi kuisamala. Injini imeneyi imazungulira kupitirira ka 8,000 pa mphindi, m'fumbi ndi m'matope, zitsulo zamkati zimatopa msanga. Ikathamanga mausiku khumi ndi angapo iyenera kubwerera kwa amene anaimanga, aimasule yonse, asinthe mapisitoni, ma ring, ma bearing, masipuling'i a mavalavu, ayeze china chilichonse ngati chayamba mng'alu. Ulendo umodzi wotero umadya madola 10,000 kapena kuposa, zikakhala kuti palibe chachikulu chimene chaonongeka. Tingoyerekeza kuti mwalipira 12,000 ndipo yathamanga mausiku 12, ndiye kuti usiku uliwonse madola 1,000 apita ku injini yokha, mwana wanu apambane kapena akhale womaliza. Mukati tidikire kaye ndalama palibe, tithamangeko kawiri katatu, ndi pomwe rod, chitsulo chogwira pisitoni, imathyoka n'kuboola block, thupi la injini, injini yonse kusanduka zitsulo zokagulitsa pa sikelo. Matimu akuluakulu amayenda ndi mainjini angapo mu thiraki chifukwa cha zomwezi, ina ikugwira ntchito ina ili kokonzedwa.

Kenako zinazi. Tayala lakumbuyo kumanja, lalikulu lija, ndi madola mazana awiri kapena atatu ndipo bwalo likauma likhoza kutha usiku umodzi. Kampani ya Hoosier yopanga matayalawa likulu lake lili ku Lakeville, pafupi ndi kwanu komweko, koma kuyandikana sikutsitsa mtengo. Mafuta a galimotoyi ndi methanol, imamwa pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi petulo. Oyilo kusintha pafupipafupi. Thiraki ndi ngolo yonyamulira galimoto, dizilo wa pamsewu, chiphaso cholowera ku pit, komwe matimu amakonzera galimoto zawo pa bwalo, munthu aliyense amalipira payekha usiku uliwonse. Ndiye kugubuduzika, komwe mu sprint car si nkhani yachilendo ayi, galimoto ikadumpha tayala la inzake imauluka, phiko la pamwamba pa galimoto kupindika, ekiselo yakutsogolo kupita, nthawi zina chasisi yonse, ndipo inshuwalansi ya galimoto yomwe mumaidziwa ija silipira za m'bwalo la mpikisano. Ndisabisenso, anthu amafa. Jason Johnson, katswiri weniweni amene anapambana mpikisano waukulu wa Knoxville Nationals mu 2016, anamwalira mu 2018 atachita ngozi pa mpikisano ku Beaver Dam, Wisconsin.

Mwana wanu akuuzani za mphoto, ndikudziwa. Akuuzani kuti mu 2023 Logan Schuchart anawina madola oposa 1 miliyoni usiku umodzi ku bwalo la Eldora, ku Ohio. N'zoona. Koma anali munthu mmodzi, pa mpikisano wapadera. Usiku wamba wa World of Outlaws wopambana amatenga madola 10,000 kapena kuposa pang'ono, wakumapeto amalandira ndalama yosakwana n'komwe injini ndi matayala a usiku umenewo, ndipo m'mabwalo ang'onoang'ono a mlungu ndi mlungu, komwe mwana wanu angayambire, mphoto yoyamba ndi chikwi chimodzi kapena ziwiri. Matimu amakhalapo chifukwa cha masiponsa kapena bizinesi ya banja imene imathira ndalama chaka ndi chaka osayembekeza kuti zibwerera. Alipo magulu otchipirako, a injini zocheperako za ma cubic inch 360 ndi 305, makamaka 305 ya gulu la RaceSaver yomwe anaikonza dala kuti munthu wamba akwanitse, koma olo kumeneko 20,000 yanu ingokulowetsani pakhomo, ya mwezi wachiwiri mukaitenga kuti?

Tsopano ndilankhule ndi iwe mnyamata, poti ndikudziwa amayi akuwerengetsa. Anzako amene ukufuna kupikisana nawo anayamba ali ana, dilaiva wotchuka Kyle Larson anayamba kuthamangitsa tingolo ta mpikisano ali ndi zaka 7. Steve Kinser wa ku Bloomington, amene anatenga ukatswiri wa World of Outlaws ka 20, anabadwira m'banja la mipikisano, bambo ake Bob anali dilaiva. Iwe uli ndi zaka 18, m'kalata ya amayi ako sindinaonemo kuti unagwirapo sipanala pa galimoto imeneyi, unangokhala pa benchi ndi chakumwa m'manja kuonerera. Ndiye ukufuna nyumba ya amayi ako ikhale yopanda denga kuti iwe ukaphunzirire kugubuduzika? Zimenezo ayi. Chimene chimanditopetsa ndi achinyamata ambiri n'chakuti mukakonda chinthu mumangoona mpando umodzi wokha, wa munthu amene akujambulidwa, pomwe kuseri kwake kuli anthu khumi amene akudya bwino kuposa iyeyo.

Tabwerera ku masamu aja. Madola 12,000 okonzetsera injini aja akupita kwa ndani? Kwa womanga injini. Dilaiva awine, aluze, agubuduzike, injini ibwerabe ku shopu, ndipo ndi shopu zochepa zimene matimu amazikhulupirira, monga Kistler ku Fremont, Ohio kapena Shaver ku California, mayina amene aliyense mu pit amawadziwa. Ngakhale maukatswiri ambiri a Steve Kinser anawatenga ali m'galimoto yokonzedwa ndi Karl Kinser, makaniko amene mpaka lero anthu amamutchula ndi ulemu. Ndalama mu masewerawa imatuluka m'thumba la mwini timu n'kukatera kwa amisiri, ndiye mwana wa munthu wosalemera aime kumene ikukaterako. Apa ndi pomwe ndikufuna mutsegule maso nonse, chifukwa mwakhala pa malo abwino kwambiri osadziwa.

Ku Indianapolis kuli digiri ya Motorsports Engineering, inayamba mu 2008 pa yunivesite ya IUPUI ndipo pano ili pansi pa yunivesite ya Purdue chigawikireni IUPUI mu 2024. Ndi uinjiniya weniweni, calculus, physics, zonse, ndiye ngati masamu a mwana wanu ali bwino imeneyi ndiye njira yoyamba, ndipo digiri yake imagwiranso ntchito ku mafakitale a galimoto wamba tsiku limene mipikisano idzamukwane. Ngati masamu ndi apakatikati koma manja ndi abwino, kuli University of Northwestern Ohio ku Lima, ali ndi maphunziro a High Performance Motorsports ndipo sukuluyo ili ndi bwalo lakelake la dothi, Limaland Motorsports Park, komwe ma sprint car amathamanga. Ngati fizi yavuta, koleji ya Ivy Tech ili pakhomo panu pomwepo, akaphunzire machining (kusema zitsulo ndi makina), CNC (makina osema oyendetsedwa ndi kompyuta) ndi kuwotcherera. Ineyo mtima wanga uli pa machining. Munthu wodziwa kusema chitsulo mpaka muyeso wochepa kuposa tsitsi sasowa ntchito ku Indiana, shopu za injini zikumufuna, mafakitale akumufuna, ndipo luso limeneli ukhoza kupita nalo kulikonse, ngakhale kubwerera nalo kumudzi.

Koma asanalembetse kulikonse ayambe wadziyesa. Nyengo ya mipikisano ikayamba agule chiphaso cha ku pit, apite kwa timu yaing'ono ya bambo ndi mwana wake, anene kuti ndabwera kudzathandiza ulere. Matimu otere manja amawasowa. Adzamupatsa chopalira matope, pakati pa mpikisano ndi mpikisano azipala dothi lomata pa galimoto. Lolemba madzulo ku galaja kutsuka galimoto yonse, kutsuka ma air filter, kuchotsa methanol m'mapaipi chifukwa akagonamo amakoka madzi n'kudya zitsulo, kuona mwini wake akutsegula fyuluta ya oyilo n'kuiyang'anitsitsa pa kuwala kufuna tizidutswa tonyezimira tosonyeza kuti bearing yayamba kudyeka, kuyeza mpata wa valavu iliyonse, zonse 16, imodzi imodzi. Akakwanitsa nyengo yonse akubwera kunyumba 2 koloko usiku ali matope okhaokha koma m'mawa n'kudzukabe ndi chimwemwe, ndiye kuti chikondi chake n'chenicheni. Akathawa pakatha milungu itatu, mwapulumutsa 20,000. Mu Disembala ayesetsenso kupeza njira yolowera ku PRI Show ku Indianapolis, ndi chionetsero cha anthu a m'ntchitoyi ndiye kulowa kumafuna kudzera ku timu kapena ku sukulu, koma ndi komwe omanga injini ndi olemba ntchito amakumana. Ku Brownsburg, kufupi ndi mzindawu, kwadzaza mashopu a matimu, ya dilaiva wotchuka Tony Stewart ili komweko.

Bambo, nanunso ndili nanu mawu. Unesi ndi ntchito yabwino, yadyetsa mabanja ambiri a Amalawi ku America ndi ku UK ndipo palibe akutsutsa. Koma mwasandutsa unesi ngati ndi msewu wokhawo umene ulipo, mwana aliyense wa Mmalawi unesi, wokonda manambala unesi, woopa magazi unesi. Mwana amene mtima wake uli pa injini mukamukankhira ku wodi mokakamiza, chimene chimachitika n'chakuti amalephera anatomy kawiri, ngongole ya sukulu yatsala, zaka ziwiri zapita, kenako mudzandilembera kalata ina. Ndipo mawu oti atuluke m'nyumba mubweze lero lomwe. Mwana wa zaka 18 m'dziko la eni mukumuthamangitsira kuti? Mwina chimene chikukuwawani n'chakuti kwathu umakaniko timauona ngati ntchito ya amene sukulu inawakanika, ovololo yakuda pansi pa mtengo, ndiye mukuchita manyazi kuti mudzawauza chiyani achibale. Pitani naye limodzi tsiku loonera sukulu ku Lima kapena ku Indianapolis mukaone nokha makina amene ana amaphunzirira, mukabwerako tidzakambirane.

Za kuyendetsa sindikuti zatheratu. Akadzayamba kulandira malipiro akeake, akudziwa kumasula ndi kumanga injini yekha, akhoza kudzagula micro sprint, sprint car yaing'ono ya injini ya njinga yamoto ya 600cc kapena 305 yakale n'kumathamanga Loweruka, alipo ambiri amene amachita choncho ndipo amasangalala. Sadzakhala Kinser, koma adzathamanga ndi ndalama yake. Mayi, ngati mukufuna kuthandiza, chotsanipo pang'ono mumugulire bokosi la masipanala abwino ndi chiphaso cha ku pit cha nyengo yoyamba, FAFSA, fomu yopemphera thandizo la fizi ku boma, alembe msanga asachedwe, yotsalayo tumizani ku Lilongwe amisiri akakhome malata.