Mwana wanga akufuna kufufuza zamoyo ku Mars: aphunzire chiyani?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Area 25: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3. Chiwerengereni pa foni kuti ku Mars kwapezeka mpweya wa methane, umene akuti ndi chizindikiro cha zamoyo, sakambanso zina. Akuti ntchito yake idzakhala imeneyo. Ine ndimafuna adzakhale namwino. Kodi nkhaniyi ndi yoona? Nanga maphunziro ake alipo kuno kwathu, kapena ndimuuze aiwaleko?"

Mayi, musamuuze kuti aiwale, koma mumuuze kuti wamva mbali imodzi. Palibe amene wapeza chamoyo ku Mars, dziko lina limene limazungulira dzuwa ngati lathu lino. Chimene chilipo ndi mkangano wa asayansi umene watenga zaka zoposa 20 ndipo sunathe.

Mu 2004, asayansi ogwiritsa ntchito chombo cha Mars Express cha bungwe la ku Ulaya la ESA, pamodzi ndi ena oonera pansi pano, adalengeza kuti aona methane pang'ono mu mpweya wa Mars. Anthu adadzidzimuka pa zifukwa ziwiri. Pa dziko lathu lino, methane wambiri amachokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala mmene mulibe oxygen: m'mimba mwa ng'ombe, m'matope a m'minda ya mpunga, m'madambo, pansi pa milu ya zinyalala. Komanso ku Mars kuwala kwa dzuwa kumaphwanya methane m'zaka pafupifupi 300 zokha. Ngati alipo lero, ndiye kuti pali chimene chikumutulutsa masiku ano.

Roboti yotchedwa Curiosity, ya bungwe la zakuthambo la ku America la NASA, idatera ku Mars pamalo otchedwa Gale Crater mu Ogasiti 2012. Nthawi zambiri inkapeza methane wosafika gawo limodzi pa magawo biliyoni, koma mu Juni 2019 idayeza magawo pafupifupi 21, kenako patangopita masiku ochepa adatsikanso. Kuti muone kuchepa kwake, mpweya umene tikupuma mu Lilongwe muno uli ndi magawo pafupifupi 1,900 pa biliyoni.

Apa ndi pamene nkhani imakoma. Chombo china, Trace Gas Orbiter, chidatumizidwa mu 2016 kuti chikafufuze mpweya womwewu kuchokera m'mwamba, ndi makina amphamvu kwambiri. Sichidapeze kanthu. Ena akuti kusiyanaku kukubwera chifukwa Curiosity imayeza pafupi ndi nthaka, kawirikawiri usiku mphepo itadekha, pamene chombocho chimadalira kuwala kwa dzuwa ndipo chimayeza chapamwamba. Ena akukayikira kuti mwina methaneyo akuchokera m'makina a Curiosity momwemo. Ndipo ngakhale atatsimikizika kuti alipo, miyala nayonso imamupanga popanda chamoyo chilichonse: madzi akakumana ndi mwala wa olivine pansi pa nthaka pamatuluka hydrogen, amene akaphatikizana ndi carbon amapanga methane. Angakhalenso wakalekale amene adatsekeredwa m'madzi oundana pansi, n'kumadontha pang'onopang'ono.

Tsono taonani, Mayi, amene akulimbana ndi funsoli. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adapondako ku Mars. Ndi akatswiri a Chemistry amene amadziwa kuyeza mpweya wochepa chotere osadzinamiza, a Microbiology odziwa mmene tizilomboti timadyera ndi kupumira, a Geology odziwa miyala, ndi a Physics ndi mainjiniya opanga makinawo. Onsewa adayamba ndi digiri wamba ya sayansi, ndipo madigiri amenewa kwathu kuno alipo. Ku UNIMA ku Zomba kuli Chemistry, Physics, Biology ndi maphunziro a miyala. Ku MUST ku Thyolo kuli Medical Microbiology, Earth Science ndi za nyengo. Pafupi pompano, ku LUANAR ku Bunda, amaphunzira za ziweto, nthaka ndi chilengedwe, ndipo tizilombo totulutsa methane ndi timene timagwira ntchito m'mimba mwa ng'ombe iliyonse m'khola la kumeneko.

Akanandifunsa ine, ndikanamuuza atenge Chemistry kapena Microbiology, osati kuthamangira kosi ya dzina lokongola la zakuthambo. Sindikubisirani: kuti munthu afike poyeza mpweya wa dziko lina pamafunika digiri yachiwiri ndi yachitatu, kawirikawiri kunja, monga ku South Africa kumene University of Cape Town ili ndi dipatimenti ya zakuthambo, kapena ku Ulaya ndi ku America. Malo ndi ochepa, ndipo thandizo la fizi amalipeza okhawo amene adakhoza bwino zedi digiri yoyamba. Akhoza kufika, akhozanso osafika. Koma wa Chemistry kapena Microbiology akapanda kufika sakhala manja lende. Kuyeza madzi akumwa, kufufuza matenda mu labotale, kafukufuku wa zaulimi monga wa ku Chitedze, ntchito za migodi, ngakhale kumanga matanki a biogas amene amasandutsa ndowe kukhala moto wophikira, zonsezi zimafuna luso lomwelo. Pa nkhani ya biogas ndinenepo pang'ono: mu mzinda umene makala akukwera mtengo ndipo nkhalango ya Dzalanyama ikutha, munthu wodziwa kuweta tizilombo ta methane ndi wofunika kuposa mmene ambiri amaganizira.

Za unamwino musade nazo nkhawa panopa. Maphunziro amene angamutsegulire khomo ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi omwewa amene akufunika pa maloto akewo: Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Mpikisano wolowera ku yunivesite za boma ndi woopsa, kotero makirediti 6 okha asamukhutitse, alimbikire kupeza ma 1 ndi ma 2 pa masayansi. Zosankha kosi mudzakambirana akadzalandira zotsatira za MSCE, pamene bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE lidzatsegule kalembera.

Chimene mungachite sabata ino ndi kupita kusukulu kwake. Mukafunse aphunzitsi aakulu ngati mwanayo walembetsa Chemistry ndi Physics zonse ziwiri, komanso ngati ana amalowadi mu labotale kukagwira zipangizo ndi manja awo. Ngati mapulakitiko amangowalembera pa bolodi, yambani kufufuza kumene angakayesere pa holide ikubwerayi, chifukwa pa mayeso a Fomu 4 mapulakitiko ali ndi pepala lawolawo.