Kafukufuku muli ku famase: poyambira pake

Achemwali, mwafunsa ngati munthu wa ku famase ya chipatala angachite kafukufuku pomwe mzere wa odwala sutha mpaka dzuwa kulowa. Zimatheka, koma musayambe ndi zazikulu. Zofufuza zili kale m'manja mwanu: ma stock card (makadi olembapo mankhwala olowa ndi otuluka) ndi mafayilo a ku wodi. Ine ndinayamba ndi kuwerenga odwala amene analemberedwa ceftriaxone, jakisoni wopha mabakiteriya, m'miyezi itatu, n'kuona kuti ndi angati anayamba jakisoniyo asanayezedwe kanthu ku labu. Ndinagwira pakamwa.

Chimene chimatigwetsa ambirife si kuchepa nzeru ayi, koma nthawi ndi kusowa wotiwongolera. Pemphani abwana akupatseni masana amodzi pa sabata, ndipo zilembedwe papepala, apo ayi mzere udzawadya masanawo. Kenako pezani mphunzitsi wa ku KUHeS (yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu) kapena mnzanu wodziwa statistics (kusanthula ziwerengero), chifukwa mpamene ine ndinatuluka thukuta.

Musatsegule fayilo ya wodwala musanalandire chilolezo cha COMREC kapena NHSRC, makomiti amene amavomereza kafukufuku wa zaumoyo. Chimatenga nthawi, choncho lembani msanga. Mukamaliza, yesani kutumiza zomwe mwapeza ku Malawi Medical Journal, magazini yosindikiza kafukufuku wa zachipatala. Malipoti aja a mankhwala amene adwalitsa munthu, omwe mumatumiza ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, nawonso angakupatseni funso loti mufufuze.