Alamu, za guluu wa piyano yanu ija

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, woti piyano yodziimba yokha mwagula ija ikungotulutsa mpweya mukamaponda, ndiye mukufunsa ngati mungaimate nokha ndi guluu woyera wa akalipentala kapena muitane katswiri. Ndati ndingoyankha ndi pakamwa.

Choyamba, guluu woyerayo musatsegule n'komwe, chonde. Mapiyano amenewa ambiri ndi a m'zaka za m'ma 1910 ndi 1920, ndipo opanga ake, monga kampani ya Aeolian, yopanga mapiyano otchedwa Pianola, imene inali ndi fakitale ku Hayes kufupi ndi London, ankamata ndi guluu wa zikopa za nyama. Amagulitsidwa ali timibulu touma. Mumatinyika m'madzi, kenako n'kutenthetsa mpaka madigiri 60, osawiritsa ayi, akawira amatha mphamvu. Mumapaka akadali wotentha, akamazizira ndiye akugwira.

Chifukwa chake ndi ichi. M'katimo muli timivukuto ting'onoting'ono, kiyi iliyonse kake, mwina mpaka 88. Kalikonse ndi timatabwa tiwiri tokutidwa ndi nsalu yopyapyala ya labala. Mukamaponda, mpweya umayamwidwa, ndiye bowo la papepala lokulunga la nyimbo lija likadutsa, kamvukuto kamatsekeka n'kukankha kanyundo kuti kamenye waya. Tsono nsalu imeneyi imakalamba, imauma n'kung'ambika popindikira. Ngakhale muike yatsopano lero, padzakhala munthu wina amene adzamatulenso. Guluu wa zikopa amalola zimenezo. Mukalowetsa mpeni wophwatalala pansi n'kugogoda pang'ono, kamvukuto kamachoka kathunthu, wotsalirayo mumangopukuta ndi madzi otentha. Woyera uja amalowerera m'thabwa, pomatula amachoka ndi thabwa lomwe, komanso guluu wa zikopa sagwiranso pamwamba pake mpaka mutapala. Kuntchito kwathu inabwerapo ina yomatidwa ndi woyera, kwina anapaka silikoni. Timatabwa tambiri tinachita kusema tatsopano, ndipo mwiniwake analipira ndalama zambiri pa kumatula kokha. Zinandiwawa, chifukwa amene anamatayo anali ndi cholinga chabwino.

Ndiye zoti nokha kapena katswiri. Ine sindikuletsani kugwira, alamu, manja anu ndimawadziwa. Kukuta timivukuto ndi kusintha timapaipi ta labala touma tija, munthu wodekha amatha. Mujambule chilichonse musanamasule, mulembe manambala pa kamvukuto kalikonse, ndipo muyambe mwayeserera pa matabwa otaya, chifukwa guluu wotenthayu sadikira munthu. Mukapeza timapaipi totuwa tachitsulo chofewa, dziwani kuti ndi mtovu. Muzisamba m'manja, ana asayandikire fumbi lake.

Pomwe ndikuti muime ndi pa mavalavu, totsegula ndi kutseka njira ya mpweya wa timivukuto, ndi timatumba tachikopa ta pansi pake. Kampata kamene valavu imayendamo sikafika ndi milimita imodzi yomwe, ndipo onse ayenera kufanana, apo ayi makiyi ena azilira mochedwa, ena osalira. Piyano yeniyeniyonso, mawaya ndi kuchuna, musiyire wodziwa. Mawaya onse pamodzi amakoka mphamvu yoyandikira matani 18, si malo ophunzirirapo. Ndipo muyambe kumuitana ameneyo, aone ngati mapini okungira mawaya akugwirabe, musanatayire miyezi pa timivukuto piyano ili yosachunika.

Mukaona palembedwa Duo-Art, Ampico kapena Welte-Mignon, imeneyo musamasule chilichonse. Zimenezo zimatsanzira mpaka kulemera kwa dzanja la woimba, zida zake n'zambiri zedi. Mapiyano enanso akale a kampani ya Gulbransen anawamata m'njira yoti potsegula amachita kucheka, woyamba kumene sangathe.

Katswiri amene mungapeze, mumufunse funso limodzi lokha: timivukuto mumamatira chiyani? Akati wa zikopa wotentha, pitirizani naye. Akati woyera kapena kontaki uja womatira nsapato, mumuthokoze mufune wina, ngakhale atakhala ndi galimoto yolembedwa dzina. Mukapeza mpata pitani ku Musical Museum, nyumba yosungirako zoimbira zakale ku Brentford ku London, mukamve yokonzedwa bwino mmene imalirira.

Panopa munditumizire zithunzi: dzina lili pamwamba pa makiyi, kenako muchotse thabwa lakutsogolo ndi lapansi lija mujambule m'kati. Ndikaziona ndikuuzani nsalu yoyenera kugula. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.